Nsapato za Mzime

Lolemba, 2 Juni

Msana ngati ndagona pa miyala. Nsalu za pabedi za hotelo yonse, nsalu za patebulo, malaya a ophika. Simbi yaikulu ija yayambanso kulavula madzi akuda. Kufika kunyumba nyimbo ya Bulashi itayamba kale, Mayi ali pa mpando wawo pamphuno pa kanema, akundiitana ngati nyumba ikupsa.

Ntchito yanga yachiwiri: kukhala maso a Mayi. Chiyambireni ng'ala, pa kanema amangoona utsi ukuyendayenda. Sewerolonso ndi la chilankhulo chakutali, tanthauzo amalemba m'munsi, tizilembo ngati nyerere. Ndiye ine kuwerenga, ine kufotokoza, ine kusintha mawu kuti adziwe akuyankhula ndani. Malipiro ake tiyi wozizira.

Dzina lenileni la mnyamata wa m'seweroyo palibe amene amatha kulitchula. Msewu wonse umangoti Bulashi, poti anayamba ndi kupolisha nsapato pa siteshoni, ndipo kabulashi kake sikachoka m'thumba. Akangowerama n'kupukuta nsapato yake, dziwani kuti wina sadzuka mawa. Lero wawerama. Mwini galaja amene anamulemba ntchito wagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja.

Ine kwa Mayi: akankhana pang'ono, bwanayo waterereka.

Mayi akuti eya, m'nyumba za olemera mumaterera. Mwana ameneyu alibe mtima woipa, anzake ndi amene akumuwononga.

Bambo, kuseri kwa nyuzipepala: "Wamuponya. Ndi manja awiri." Awatu ndi Bambo amene saonera zopusa. Nyuzipepala yake ya mwezi watha, tsamba lomwe lija.

Tonse tikudziwa amene amakambidwa m'nyumba muno akamatchulidwa Bulashi. Mzime wathu, mng'ono wanga, akutuluka kundende pa 20 mwezi uno, ndipo Bambo ananena kale kuti m'nyumba mwawo salowa. M'chipinda chake anaunjikamo matayala akale ndi zitini za penti. Pachitseko loko, kiyi pa lamba wawo.

Lachitatu, 4 Juni

Kuntchito nkhani ndi imodzi. Anti a makatani, amene timasita nawo, akuti Bulashi ndi satana, koma maso akewo, mayo ine. Atatero anapsereza pilokesi. Wophika wamkulu akuti mnyamatayu ali ndi mutu, kungoti sadya mokwanira, n'chifukwa chake ali ndi nkhanza. Mlonda wa pageti wayamba kuyenda ndi kabulashi m'thumba la malaya. Munthu woopa ngakhale mphaka wa kukhitchini. Dzulo anawerama kupukuta nsapato pamene manejala amadutsa, manejala n'kubwerera kukadzera khomo lina.

Kugolosale polishi wakuda watha. Amuna a mumsewu muno, ena oti samasamba n'komwe, nsapato zili waliwali.

Amene zawapweteka kwambiri ndi Bambo. Moyo wawo wonse anali insipekitala wa mabasi, nsapato zowala moti kondakitala ankadzionera nkhope akamanjenjemera. Lero apolisha pakhonde monga mwa masiku onse, ana opita kusukulu n'kukuwa kuti Bulashi wakalamba. Alowa m'nyumba nsapato ili m'manja. Akuti iwo anayamba kupolisha chigawengacho chisanabadwe, ndipo sanaponyepo munthu.

Mayi Wailesi a nyumba ya kuseri anabwera masana, ati kudzabwereka sefa. Mwana wawo amawaikira seweroli pafoni, ndiye ali patsogolo pa tonsefe. Pakamwa pamawayabwa. Mayi anawaopseza kuti akangoulula zam'tsogolo, sefa sadzaionanso.

Ndaganiza za Mzime tsiku lonse. Ntchito ya kusitolo ya zomangira ija anamupezera ndi Bambo, kwa mnzawo wakalekale. Iye n'kumatulutsa simenti pakhomo la kuseri. Kukhoti Bambo anakhala mpando wakumbuyo, nsapato zowala, osayang'ana aliyense. Chichokereni pamenepo sanakamuonepo ngakhale kamodzi. Dzina lake satchula.

Analakwa, inde. Koma ndi mng'ono wanga, ndinamubereka kumsana ine.

Lamlungu, 8 Juni

Kundende. Mzere wautali, dzuwa pamutu. Msilikali wa pakhomo anabaya buledi wanga ndi waya ngati muli mfuti. Nayenso nsapato waliwali. Sindinafunse.

Mzime waonda, koma nthabwala sizinaonde. Kani nakonso amaonera Bulashi, akakhala kuti sanapalamule. Akuti kumeneko palibe amene amamukonda. Akuba enieni amangopukusa mitu, ati munthu ungabe bwanji utavala nsapato zolira choncho. Mkulu wina amene wakhalitsamo amatukwana kanema, ati seweroli likunamiza ana, poti silionetsa nsikidzi.

Ndinaseka mpaka msilikali ananditembenukira.

Kenako anatsitsa mawu. "Achemwali, Bambo akuti chiyani?" Ine n'kuyamba kufotokoza za ng'ala ya Mayi, za simbi ya kuntchito. Anangogwedeza mutu. Kunama kwanga amakudziwa kuyambira tili ana.

Wapempha chinthu chimodzi chokha. Nsapato zimene analowa nazo zinatha kalekale, pano akuyendera masilipasi osiyana mitundu, lina lomanga ndi waya. Akuti ndidzamubweretsere nsapato zake zakuda za kutchalitchi, asadzatuluke ngati wamisala. Zili pansi pa bedi lake.

Ndinati chabwino. Pansi pa bedi, kuseri kwa matayala, kuseri kwa loko, kiyi pa lamba wa Bambo. Chabwino chake chiti?

M'basi pobwera ndinalira pang'ono. Mayi amene ndinakhala naye anandipatsa kansalu n'kunena kuti nayenso imfa ya mwini galaja inamukhudza.

Lachiwiri, 10 Juni

Msonkhano waukulu kuhotelo, sabata yonse ndi chidutswa. Manejala akuti ochapa ndi osita tiziweruka mochedwa. Kandalama kowonjezerako ndikukafuna, magetsi atsala pang'ono kutithera. Koma Bulashi amayamba dzuwa likangolowa.

Mayi atamva anagwira pamtima ngati ndawauza za maliro. Maso awo akhala ndani?

Dzulo anayesa Mayi Wailesi. Zinakanika. Akuti mayiwo safotokoza, amangokuwa. "Mayo! Taonani! Eee, taonani!" Munthu wa ng'ala ukumuuza taonani. Powerenga mawu a m'munsi amafika pakati, mawuwo n'kuchoka, iwo n'kumalizitsa ndi za m'mutu mwawo. Mayi akuti mwa zonse anangotolapo kuti winawake anavala diresi lokongola.

Lero m'mawa Mayi anayamba kudandaula mokweza, osayang'ana kwa Bambo, akuyankhula ndi khoma. Ati pali anthu ena anaphunzira sukulu, maso ali nawo, magalasi ali nawo, koma mkazi wawo azingomvera nyimbo ngati mbuzi. Khoma silinayankhe. Bambo anangotembenuza nyuzipepala, koyamba mwezi uno.

Lachinayi, 12 Juni

Zachitika. Bambo ndiwo maso a Mayi tsopano.

Ndikafika, seweroli limakhala litatha, ndiye Mayi amandipatsa lipoti kukhitchini ndikudya. Akuti Bambo anakoka mpando, anapukuta magalasi, n'kunena kuti akuchita izi chifukwa cha chifundo basi, osati kuti zikuwasangalatsa. Bulashi samutchula Bulashi. Amati wakubayo. "Wakubayo walowa. Wakubayo wakhala pansi. Wakubayo akumwetulira, mano ngati a khoswe." Mawu a chikondi amawawerenga ngati akulengeza masiteji a basi. Mtsikana wa Bulashi akulira kuti usandisiye, Bambo akuti: akuti asamusiye, chotsatira.

Ndinatsamwa ndi tiyi.

Koma vuto labwera kwa ine. Bambo sabisa kanthu, ndipo abwereza ndi zam'mbuyo zomwe. Mayi anandigwira dzanja n'kufunsa kuti anthu onse aja ndinkati apita kumudzi, kani anafa? Wogulitsa mafuta uja, mnzake wa pa siteshoni uja, wapolisi wa ndevu uja. Akuti ankadabwa kuti ndi mudzi wanji wolandira alendo chotere, wina osabwerako ngakhale kudzatenga zovala.

Ndinati ndinkaopa kuthamanga kwa magazi kwawo. Akuti iwe ndiwe wabodza ngati mng'ono wako, kungoti bodza lako ndi laulere.

Ndinaganiza kuti tsopano amutaya Bulashi. Ayi ndithu. Akuti wachita zoipa, zoipa zedi, ndipo akanakhala pafupi akanamukoka khutu mpaka lithothoke. Koma ali ndi mayi ake kwinakwake amene amadziwa kuti ali khanda ankaopa mdima.

Mzime ankaopa mdima. Ndinangotsuka mbale.

Loweruka, 14 Juni

Ndinalimba mtima. Bambo tsopano amapolishira kuseri kwa nyumba, kothawa ana aja. Ndinawapeza atakhala pa ndowa, nyuzipepala pansi, bulashi ili m'manja. Ndinagwada pambali ngati mwana wabwino n'kupempha kiyi, kuti ndingotengamo nsapato za Mzime basi.

Akuti m'chipindamo muli matayala. Nsapato za munthu sakuzidziwa.

Ndinati Bambo, Lachisanu likudzali mwanayu alowera kuti? Akagona kudepoti?

Sanakweze mawu. Bola akanakweza. Akuti pa ntchito yawo anatsitsa anthu m'basi pakati pa tchire chifukwa chosowa tikiti. Amayi a ana kumsana, madala a ndodo, mvula ikugwa. Ankati lamulo ndi lamulo. "Ndiye lero anthu amenewo amve kuti wakuba wa m'nyumba mwanga ndamuyalira bedi?" Atatero anapitiriza kupolisha nsapato yowala kale.

Ndinapsa mtima. Ndinafuna kunena kuti anthu a m'basi aja anakuiwalani kalekale, amene akukukumbukirani ndi mmodzi yekha, wa masilipasi a waya. Koma ndinangodzuka n'kulowa m'nyumba.

Masana ndinakafunsa kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Kopanda windo, fungo la nkhuku, mtengo wake ngati muli bafa. Sindingakwanitse. Malume anakana kale, ati akazi awo amaopa. Anti a makatani akuti angamusunge masiku awiri atatu, koma anafunsa kaye ngati amafanana ndi Bulashi kumaso. Ayi, kumeneko sindimupereka.

Lolemba, 16 Juni

Bulashi wakwera. Suti, ofesi ya magalasi okhaokha, anyamata omutsegulira galimoto. Amene ankawapolishira nsapato pa siteshoni pano akumugwadira. Wophika wamkulu akuti ndinanena ine, mnyamatayu ali ndi mutu. Mlonda wa pageti wagula kansalu koyera koika m'thumba, manejala wamuuza kuti akachotse, akuoneka ngati woperekera zakudya.

Mbusa dzulo analalikira za seweroli, ati likuwononga achinyamata. Analifotokoza bwino kwambiri, chigawo ndi chigawo, mpaka mtundu wa galimoto. Mayi Wailesi anamukonza pamene analakwitsa.

Lipoti la kukhitchini lero linali lalitali. M'seweromo mwatulukira munthu watsopano: bambo ake a Bulashi. Mdala wokonza mawotchi, kasitolo kakang'ono, jekete lothothoka m'zigongono. Bulashi anamutumizira galimoto yatsopano, mdalayo n'kuibweza. Anamutumizira envulopu, n'kuibweza osatsegula.

Bambo akuti ameneyo ndiye munthu yekhayo wa nzeru m'sewero lonse. Samutchula mdala, amati bambo aja, mwaulemu. Nyuzipepala aipinda, ili pansi pa mwendo wa tebulo umene umagwedera. Limoti ya kanema akuisunga okha. Dzuwa likamapendeka ayamba kale kufunsa ngati magetsi alipo okwanira. Chifundo chenicheni.

Koma Mayi anandiuza china, monong'ona. Panali pena pamene panalibe mawu, nyimbo yokha. Bambo anangoti zii. Mayi kufunsa kuti kukuchitika chiyani, osayankha. Kufunsanso, ati bambo aja atseka sitolo, atulutsa kabokosi kopolishira nsapato ka mwana wawo ali wamng'ono, akungokayang'ana. Mayi kufunsa kuti kenako? Ati kenako palibe, magalasi achita nthunzi.

M'nyumba mopanda moto, mwezi wozizira uno. Nthunzi.

Lachitatu, 18 Juni

Msonkhano watha, alendo apita, atisiyira phiri la matawulo. Kuyambira mawa ndiziweruka nthawi yanga.

Bulashi zamuvuta. Mnzake wapamtima wamugulitsa, anyamata ake amuthawa, apolisi ali pambuyo, iye wavulala paphewa. Chigawo cha lero chathera ali mumsewu wa kwawo, mvula ikumukhuthukira, akuyang'ana nyali ya m'nyumba ya bambo ake. Zonsezi ndamva m'basi, kwa anthu osawadziwa, aliyense akukuwa. Kondakitala akuti mdalayo atsegula, magazi ndi magazi. Mayi wina wa dengu akuti akatsegula iye asiya kuonera. Dalaivala anatembenuka kuti aikepo mawu ake, tonse n'kukuwa kuti ayang'ane kutsogolo.

Lachisanu ndi mkuja. Nsapato sindinazipeze, malo sindinawapeze. Ndaganiza zothyola loko, koma ndikathyola ndiye kuti ine ndi iye tasanduka akuba awiri.

Kufika kunyumba ndinapeza Mayi ndi Mayi Wailesi kukhitchini, mitu pamodzi. Atandimva anasiya. Ati amakambirana za mankhwala a magazi. Mayi Wailesi anatuluka atagwira pakamwa ngati muli madzi otentha, sefa ili kukhwapa.

Ndinauza Mayi kuti mawa ndilipo, ndiwafotokozera ndine. Ndinali nditakonza kale bodza langa, lokongola, la kukumbatirana ndi misozi. Akana. "Iwe ukhale phee. Bambo ako ndi amene amanena zoona." Zinandiwawa, pajatu ndawawerengera tizilembo timeneti mpaka maso kuwawa.

Ndikuopa mawa. Mdala wa mawotchi uja satsegula, ndikumuona nkhope yake. Ndipo Bambo adzanena kuti mwaona, n'kutseka nkhani ya Mzime pomwepo.

Lachinayi, 19 Juni

Ndilembe ndisanaiwale.

Msewu wonse zii ngati kuli maliro. Ngakhale wogulitsa makala anatseka msanga. Nyimbo ya Bulashi kumveka nyumba iliyonse nthawi imodzi.

Mayi pa mpando wawo. Bambo pambali, magalasi opukuta kawiri, limoti pabondo. Ine pa mkeka kumbuyo, monga ndinalamulidwa.

Bambo anayamba bwinobwino. Wakubayo waima pakhomo. Wanyowa. Wagwira phewa. Wakweza dzanja kuti agogode, walitsitsa. Wayang'ana nsapato zake, zili matope okhaokha. Wapisa m'thumba, kabulashi kulibe, kanagwa pothawa.

Kenako ndinamva akuti mwanayo wagogoda. Mwanayo. Ndinayang'ana Mayi. Nkhope yawo ngati sanamve kanthu.

Chitseko chinatseguka pang'ono, cha tcheni. Mdala wa mawotchi anasuzumira. Anayang'anana nthawi yaitali. Bulashi ananena mawu amodzi, m'munsi analemba kuti Bambo. Mdalayo anayankha, ndipo m'munsi analemba, ndinawerenga ndi maso angawa: Ndilibe mwana. Chitseko n'kumenyetsa, phaa. Bulashi yekha pamvula.

Bambo sanawerenge.

Mayi anafunsa kuti bambo akewo ati chiyani.

Bambo: "Akuti lowa, wanyowa."

Ndinaluma chala kuti ndisatulutse mawu.

Mayi sanawasiye. Ati nanga chitseko chamenyetsedwachi? Makutu awo alibe ng'ala. Bambo anakalipa, ati mukufuna chikhale chotsegula mvula yonseyi? Mwana walowa, atseka, basi. Pa kanema Bulashi akuyenda yekha mumdima, akutsimphina, nyimbo yachisoni ili pakamwa pa aliyense mumsewu. Bambo ali kalikiliki: amupatsa thawulo. Amukhazika pampando. Akumuikira madzi pamoto. Akumukalipira, kumukalipira kwambiri, poti ndi chitsiru, chitsiru chenicheni, chachititsa manyazi bambo ake pamaso pa anthu. Koma akumukalipira ali m'nyumba.

Kuseri kwa khoma Mayi Wailesi analira mokweza kuti mayo, wam'tsekera panja mwana! Bambo anakweza voliyumu. Ati mayi amenewo saona bwino.

Litatha anazimitsa kanema, anaika limoti pa tebulo, n'kunena kuti sewero lopusa, olemba ake sadziwa kanthu za ana. Anatembenuka n'kundipeza pa mkeka. Anali ataiwala kuti ndilipo. Tinayang'anana. Ine ndi maso anga abwinobwino, amene anaona zonse. Anatsegula pakamwa, anatseka, n'kundifunsa ngati ndatseka geti.

Ndinati ndatseka, Bambo.

Ati chabwino, nthawi zino kuli akuba.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinapempha tchuthi cha lero kalekale, kuti ndikamutenge Mzime, ngakhale ndinalibe komupititsa. Ndinadzuka ndi phokoso la geti likutsekedwa. Pabwalo matayala, mulu. Zitini za penti m'mbali mwa mpanda. Chitseko cha chipinda cha Mzime chili pululu, windo lotsegula, loko ali pa tebulo ndi kiyi wake. Pansi posesedwa mwachimuna, fumbi lonse analikankhira kuseri kwa chitseko.

Pansi pa bedi palibe nsapato. Kuseri kwa nyumba, pa ndowa paja, chitini cha polishi chopanda kanthu, chopalidwa mpaka pansi.

Bambo kulibe. Mayi ali kukhitchini akumwa tiyi mwaufumu. Akuti anatuluka m'mawa, jekete la ku ukwati, thumba la pulasitiki kukhwapa. Atawafunsa kopita anati kukaona mtengo wa matayala. Za matayala ali pabwalowo ati amafunika kupitidwa mphepo. Anasiyanso uthenga woti ine ndisavutike kutuluka, ndingochedwetsa anthu, ndiyale bedi m'chipinda muja poti mwina kungabwere mlendo.

Ndinakhala pansi.

Ndinaganiza kuti Mayi ayenera kudziwa zoona, poti ine wabodza ndatopa nalo dzinali. Ndinayamba kuti Mayi, dzulo lija, mdala wa mawotchi uja. Anandidula. Akuti akudziwa. Anadziwa Lachitatu, Mayi Wailesi anawauza zonse, mpaka tcheni cha pachitseko, ndipo sefa ija anawapatsiratu ikhale yawo.

"Za mdala wa mawotchi ndinalibe nazo ntchito. Ndinkafuna ndimve ngati wa m'nyumba muno atsegule."

Ndiye n'kupitiriza kumwa tiyi. Mayi amenewa. Ng'ala ili m'maso mokha. Bulashi akanawapeza awa akanabwerera kukapolisha nsapato pa siteshoni.

Ndayala bedi, nsalu zositidwa ndi manja angawa, zosalala kuposa za manejala. Ndachotsa fumbi la kuseri kwa chitseko. Mpunga uli pamoto. Mayi asintha diresi kawiri, mpando awusunthira pawindo, ngakhale panja amangoona kuwala. Akuti ndisapite patali, lero maso awo ndine.

Mtima uli m'mwamba. Bwanji ngati akangana panjira? Bwanji ngati Bambo angomupatsa nsapatozo pageti la ndende n'kutembenuka? Amatha, ndimawadziwa. Basi ya masana yadutsa, palibe watsika. Ina yaima pakona.

Ana a mumsewu ayamba kukuwa. Ati a Bulashi awiri.

Geti lalira. Mayi andikoka diresi, akuti fotokoza, ndipo ulendo uno usaname.

Bambo patsogolo, nkhope ya insipekitala, akuloza matayala ngati akupereka ntchito. Pambuyo pawo Mzime, woonda, mutu wometa, thumba la pulasitiki m'manja, nsapato zakuda zili waliwali, waima pa geti, sakudziwa ngati alowe.